Mayeso a luso la AI: pepala la mayankho ndililemba bwanji?

Mlangizi wokonza mayeso, Zomba:
Akuluakulu, ndabwera kudzapempha nzeru. Ndapatsidwa ntchito yolemba gawo la maphunziro a kagwiritsidwe ntchito ka AI (mapulogalamu a kompyuta otengera nzeru za munthu) mu ofesi, pamodzi ndi mayeso ake, motsatira ndondomeko ya CBET (yophunzitsa ndi kuyesa zimene wophunzira angathe kuchitadi) imene TEVETA imayendetsera maphunziro a ntchito zamanja. Zoti aphunzire ndalemba bwinobwino, koma pa mayeso m'pamene ndakakamira. Poyeserera, ndinauza ophunzira asanu ndi mmodzi kuti afupikitse lipoti limodzi pogwiritsa ntchito pulogalamu ya AI yotchedwa ChatGPT, ndipo ngakhale anailamula ndi mawu ofanana, aliyense analandira yankho lakelake. Nanga woyesa agamula bwanji kuti uyu wakwanitsa, uyu sanakwanitse?

Mphunzitsi wa makompyuta:
Achimwene, zimenezo sizidzasintha, chifukwa makina amenewa amasankha liwu lotsatira mongoyerekeza kuchokera pa zolembedwa zambirimbiri zimene anaphunzitsidwa nazo, ndipo sasankha liwu lomwelo nthawi zonse. Choopsa kwambiri n'chakuti amatha kupeka nambala kapena dzina, n'kulilemba mwachikhulupiriro ngati kuti n'zoona. Mukachonga yankho lokhalo, ndiye kuti mwayesa makina osati wophunzira.

Mayi woyesa ntchito zamanja:
Za AI ndisiyira inu achinyamata, koma kuyesa akalipentala ndiye ndakalamba nako. Kalipentala sitimupatsa satifiketi chifukwa choti watibweretsera mpando wokongola, popeza mpando angathe kuugula pamsika. Timaima pambali pake n'kumaona mmene akuyezera thabwa, mmene akugwirira sowo, kenaka timamufunsa chifukwa chimene wachitira choncho. Bambo, chitani chimodzimodzi. Lembani zinthu zooneka ndi maso zimene woyesa azichonga: ngati wophunzira wachotsa mayina ndi manambala a foni a anthu asanaike chikalata m'makinawo, ngati wayerekeza yankho ndi lipoti loyambirira, ndiponso ngati angafotokoze pakamwa chimene wakonza. Choyambacho musachipeputse, chifukwa kuyambira mu 2024 tili ndi lamulo loteteza zinsinsi za anthu la Data Protection Act.

Mphunzitsi wa makompyuta:
Mayi anena zoona, ndipo ndiwonjezerepo msampha. Pekani lipoti la gulu la alimi a mpunga, monga a kusikimu ya Likangala, mulifupikitse nokha ndi AI, kenaka muikemo dala zolakwa zitatu: chiwerengero cha matumba chosinthidwa, deti lolakwika, ndi chiganizo chimene mulibe m'lipotilo. Musindikize papepala, aliyense alandire lomwelo. Apo ndiye pepala la mayankho likhala limodzi, ndipo ngakhale magetsi atazima kapena intaneti itavuta, gawo limenelo lilembedwabe.

Mlangizi wokonza mayeso, Zomba:
Nzeru imeneyo ndaikonda, koma ndikuopa kuti munthu angakhoze osakhudza n'komwe kompyuta.

Mayi woyesa ntchito zamanja:
Ndiye chifukwa chake magawo akhale awiri, lapepala ndi lapakompyuta woyesa ali pomwepo, ndipo wolephera limodzi abwereze limenelo lokha. Komanso onse agwiritse ntchito makompyuta a pasukulu, pakuti wina akabwera ndi pulogalamu yolipira pafoni pake, mnzake ali ndi yaulere, mayesowo sakhala achilungamo.

Mphunzitsi wa makompyuta:
M'chikalata cha maphunzirocho musatchulemo dzina la pulogalamu. ChatGPT inatuluka mu Novembala 2022 ndipo yasinthidwa kangapo kuchokera pamenepo, pomwe chikalata chotere chimakhala zaka chisanaunikidwenso. Mungolemba kuti chida cha AI cholemba mawu, dzinalo likhale m'malangizo a woyesa, amene savuta kusintha.

Mlangizi wokonza mayeso, Zomba:
Zikomo kwambiri nonse. Ndiyesereranso Lolemba ndi ophunzira omwe aja. Mayi, ngati mungapeze mpata, ndikupempha kuti mudzachonge panokha, inenso pandekha, kuti tidzaone ngati zigamulo zathu zidzafanane ndisanapereke ntchitoyi.

Mayi woyesa ntchito zamanja:
Ndidzafika cha m'ma 9 koloko, koma munditumiziretu mndandanda wa zochongazo pofika Loweruka kuti ndiuwerenge modekha.