Ndikufuna kuphunzira za mano, ndiyambire pati?

Mtsikana wa ku Ngabu:
Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Ndinalemba MSCE chaka chatha. Biology ndi Chemistry ndinakhoza bwino, masamu ndiye ndinangopulumukira. Anzanga onse akuthamangira unamwino, koma ine mtima wanga uli pa za mano. Kwathu kuno munthu dzino likamupweteka amayamba waika Panado pabowo la dzinolo, kenako mizu, ndipo pofika kuchipatala tsaya limakhala litatupa mpaka diso kutsekeka. Ndikufuna ndidzakhale mmodzi wa omulandira. Kodi sukulu yake ili kuti? Nanga n'zoona kuti ntchito yake ndi kuzula basi? Bambo anga akuti sangagulitse mbuzi zawo kulipirira ntchito yosadziwika.

Wa za mano pachipatala china kuchigwa cha Shire kuno:
Achemwali, ntchitoyi ndi yodziwika, ineyo ndimadyera momwemo. Diploma ya Dental Therapy amaphunzitsa ku Malawi College of Health Sciences, kampasi ya ku Lilongwe, zaka 3. Mukamaliza mumalembetsa ku Medical Council of Malawi, popanda zimenezo simuloledwa kugwira mkamwa mwa munthu. Palinso digiri ya udokotala wa mano ku Kamuzu University of Health Sciences (KUHeS), yomwe inayamba mu 2019 sukuluyo ikadali College of Medicine, koma kumeneko mpikisano ndi woopsa ndipo zaka zake n'zambiri.

Za kuzula sindikunamizani, kuno timazula kwambiri, chifukwa anthu amabwera dzino litatha kale. Koma timamatanso mano, timachotsa zokakamira m'mbali mwa nkhama, timabaya jakisoni wa dzanzi, timayendera sukulu kuphunzitsa ana. Tsiku limayamba ndi kuwiritsa zida mu autoclave, makina ophera tizilombo ndi nthunzi yotentha, ndipo apa pasamakhale ulesi, chifukwa chida chimodzi chosayera chikhoza kupatsira munthu matenda a chiwindi. Konzekeraninso msana. Mumawerama m'mawa wonse, kutentha kwa mu Okutobala kuli pomwepo, thukuta likutsikira m'magolovesi, kwinaku agogo akugwirani dzanja ndi mantha. Mukawalankhula m'Chisena amamasuka nthawi yomweyo. Wochokera ku Lilongwe zimenezi zimamutengera miyezi, inu muli nazo kale.

Wophunzira wa chaka chachiwiri:
Masamu aja musawasiye choncho. Posankha amayang'ana Chingerezi, masamu ndi masayansi, ndiye ngati mulibe credit kuli bwino mulembenso kusiyana n'kutaya ndalama ya fomu. Zofunika zenizeni muziwerenge pa chilengezo cha sukuluyo chikatuluka, osadalira za pa WhatsApp. Podikira pemphani chilolezo pachipatala cha boma ku Chikwawa kapena ku Nsanje mukaonerere akuzula dzino. Ena magazi ndi fungo la mafinya zimawagonjetsa, bola mudziwe msanga.

Mayi wa ku Bangula:
Mwanangu, pita ukaphunzire, ndipo ukabwerere konkuno. Ana anga awiri mano awo ndi ofiirira. Ndinkawakwecha ndi makala mpaka nkhama kutuluka magazi, ndimayesa ndi uve. Adokotala ndiwo anandiuza kuti ndi madzi a pamjigo wathu, ali ndi mchere wina wotchedwa fluoride wochuluka, ndipo amadetsa mano mwana akadali wamng'ono, mswachi sungachotse. Wamkuluyo pano ndi namwali, akamaseka amatseka pakamwa ndi dzanja. Zimandiwawa. Pakanakhala wina wotiuza kale, bwenzi madzi akumwa a ana tikutunga kwina. Bambo akowo uwawerengere zimene ndalembazi.

Mtsikana wa ku Ngabu:
Zikomo nonse, makamaka inu amayi. Bambo ndawawerengera, sanayankhe kanthu, koma afunsa kuti kulembanso masamu ndi ndalama zingati. Achimwene a kuchipatala, kukaonerera kuja ndikapemphe kwa ndani, kwa DHO, mkulu wa zaumoyo m'bomalo, kapena kwa mkulu wa chipinda cha mano?