Kumanga masipuling'i pa ekiselo ya LN106 yomwe ndikuika kutsogolo kwa Hilux LN107: shackle ikhale kuti?

Wofunsa:
Moni nonse akuluakulu a pagulu pano. Ndili ndi Toyota Hilux LN107 ya injini ya dizilo ya 3L, imene ndimanyamulira mbatata ndi feteleza m'misewu yafumbi ya kumapiri a ku Dedza. Kutsogolo kwake kuli IFS (dongosolo limene tayala lililonse limakwera ndi kutsika palokha) ya ma torsion bar, ndipo m'nyengo ya dzinja ma ball joint ndi mabushi sachedwa kutha, komanso tayala limodzi likangolowa m'chigwembe linzake limatsala m'malere galimoto n'kuima. Ndagula ekiselo yathunthu ya kutsogolo kuchokera ku Hilux LN106 imene inachita ngozi, pamodzi ndi masipuling'i ake osanjikiza aja, ndipo ndikufuna kudula zonse za IFS kuti ndimange ekiseloyi. Wowotcherera wanga ndi waluso koma ntchito yotereyi sanaigwirepo. Iye akuti shackle (kachitsulo kogwedezeka kolumikiza mapeto amodzi a sipuling'i ku chesesi) tiike kutsogolo chifukwa n'kosavuta, pamene ine ndikukumbukira kuti pa LN106 inali kumbuyo kwa sipuling'i. Chonde amene munachitapo zimenezi ndithandizeni: shackle ikhale kuti, ipendekeke motani, ndipo ndiyeze chiyani tisanayatse moto?

Makaniko wa ku Lilongwe:
Bambo, mwakumbukira bwino, ndipo tsatirani momwe a Toyota anachitira pa Hilux: chogwirira chosasuntha kutsogolo, shackle kumbuyo. Sipuling'i ikapanikizika imawongoka n'kutalika, ndiye shackle ikakhala kumbuyo tayala limakwera likubwerera m'mbuyo, mbali yomweyo imene mwala ukulikankhira, ndipo galimoto siigunda mwamphamvu. Pa Land Cruiser 40 shackle inali kutsogolo ndipo magalimoto amenewo anagwira ntchito zaka zambiri, choncho sindikunena kuti wowotcherera wanu akulakwitsa kwambiri, koma masipuling'i amene muli nawowo anapangidwira dongosolo la shackle ya kumbuyo. Dziwaninso kuipa kwake kwa shackle ya kumbuyo: mukaponda buleki mphuno ya galimoto imagwada kwambiri, tayala limayandikira kumbuyo kwa mudguard, ndipo propshaft imafunika yotha kutalika ndi kufupika mokwanira. N'chifukwa chake ambiri amasunthira ekiselo patsogolo pang'ono akafuna matayala akuluakulu.

Chimene ndikukupemphani kwambiri ndi ichi: musawotcherere chilichonse mpaka kumaliza galimoto ili pa jeke. Gwirizitsani zitsulozo ndi timadontho ta welding, mangani masipuling'i ndi ekiselo, ikani matayala, tsitsani galimoto pansi posalala injini ndi batire zili m'malo mwake, kenako muyang'ane shackle. Kumunsi kwake kuyenera kupendekera kumbuyo pang'ono. Ikaima chilili galimoto imauma, ndipo tayala likalendewera shackle ikhoza kutembenukira kutsogolo n'kukakamira komweko. Ikagona kwambiri imakagunda chesesi sipuling'i isanamalize kuwongoka. Yezaninso mopingasa, kuchokera pa bawuti ya pakati pa sipuling'i ya kumanzere kukafika pa malo odziwika a chesesi kumbuyo kumanja, n'kuchitanso chimodzimodzi mbali inayo. Miyeso iwiriyo ikasiyana, galimoto idzayenda chammbali ngati nkhanu ndipo matayala adzadyeka mbali imodzi.

Membala wa ku Johannesburg:
Ndikugwirizana ndi akuluwa pa za shackle, koma ine chimene chimandidetsa nkhawa ndi caster (kapendekekedwe ka mzere umene tayala limatembenukirapo pokhota), chifukwa apa m'pamene pali moyo wa anthu. Mzere umenewu, wodutsa m'ma kingpin, uyenera kupendekera kumbuyo kumwamba kwake, ndipo ambiri amene amachita ntchitoyi amafuna madigiri apakati pa 4 ndi 6 galimoto itakhala pansi. Caster ikachepa, chiwongolero sichibwerera chokha mukatuluka pakona, galimoto imayendayenda pamsewu, ndipo mukagunda dzenje pa liwiro matayala akutsogolo akhoza kuyamba kunjenjemera mwamphamvu mpaka mutaima. Cholakwika chimene ndachiona kawirikawiri n'chakuti munthu amatembenuza ekiselo kuti mphuno ya difu iloze m'mwamba ku transfer case pofuna kuti propshaft ikhale bwino, osadziwa kuti potero akudya caster yake. Kutsitsa kwambiri chogwirira cha kutsogolo kumachitanso zomwezo, pamene kutalikitsa shackle ya kumbuyo kumaonjezera caster. Ikani choyezera madigiri pamwamba pa knuckle (chitsulo cha kumapeto kwa ekiselo chimene chimatembenuka ndi tayala), pamalo osalala pamene pamakhala steering arm, musanamalize kuwotcherera.

Wofunsa:
Zikomo kwambiri nonse awiri, za caster sindinaziganizire n'komwe. Nanga chiwongolero? Steering box ya LN107 ndingaigwiritse ntchito, kapena ndikafunefune ya LN106?

Makaniko wa ku Lilongwe:
Musaitaye, ndiyo yabwino pa ntchitoyi. LN106 inali ndi ndodo yaifupi yokankha ndi kukoka motsatira utali wa galimoto, ndipo dongosolo limenelo limakoka chiwongolero sipuling'i ikamakwera ndi kutsika, makamaka galimoto ikakwezedwa. Ya IFS imalola kuti ndodo idutse mopingasa kukagwira knuckle ya tsidya linalo, zimene amazitcha crossover steering, koma pamafunika ma steering arm opangidwira zimenezo. Apa ndikulankhula mosapita m'mbali: musalole munthu kudula, kupinda ndi moto kapena kulumikiza steering arm ndi welding. Gulani zopangidwa kale, ndipo muonetsetse kuti n'za galimoto ya chiwongolero cha kumanja, popeza zambiri zogulitsidwa ku America n'za kumanzere. Chesesi pamene pali steering box ndi pamene padutse chubu cha shackle muikepo zitsulo zolimbitsira, chifukwa ndi malo amene amayamba kung'aluka.

Membala wa ku Chipata:
Pali zina zimene sizinatchulidwe. Werengani mano a difu ya kutsogolo ndi ya kumbuyo musanamange, popeza ma Hilux anatuluka ndi magiya osiyanasiyana monga 4.10, 4.56 ndi 4.88, ndipo akasiyana mudzathyola china chake tsiku loyamba kuika 4x4. Ekiselo ya LN106 muiyerekezenso m'lifupi ndi ya kumbuyo kwa galimoto yanu. Onani ngati sump siikugundana ndi difu sipuling'i ikafika pothera, ndipo ngati ikugunda, injini ndi imodzimodzi, choncho kafunseni ngati sump ya galimoto yangoziyo ikadalipo. Mapaipi a buleki akhale aatali moti tayala likalendewera asakokeke, ma bump stop (mphira zoletsa ekiselo kukwera mopitirira) aime pamalo oti shoko isafike pothera, ndipo ma U-bolt mugule atsopano n'kuwamanganso mukayenda pang'ono chifukwa amamasuka masipuling'i akakhazikika. Musanadule chilichonse, kafunseni a Road Traffic ngati kusintha kotereku sikudzakuvutitsani pa COF, ndipo a inshuwalansi nawonso muwadziwitse.

Wofunsa:
Ndathokoza kwambiri. Mawa ndibwerera kwa amene anandigulitsa ekiselo kukafunsa za sump ndi propshaft, ndipo ndikayeza zogwirira masipuling'i pa chesesi ya galimoto yangoziyo kuti titengere miyeso yake. Tikagwirizitsa zitsulo n'kutsitsa galimoto pansi ndidzatumiza zithunzi za shackle ndi madigiri a caster kuti mundionere tisanamalize kuwotcherera.