Kodi ma Avios a pa kirediti khadi angandifikitse ku Lilongwe pa Khirisimasi?

Nachisale_Leeds

Moni nonse. Ndikupempha nzeru kwa amene mumadziwa za mapointi a ndege kuno ku UK. Pamwezi zogula za m'nyumba, petulo ndi zovala za ana zimatha pafupifupi £900, ndipo zonse ndimalipira ndi khadi la ku banki losapereka kalikonse. Ndikufuna kutenga kirediti khadi la Avios, mapointi a ndege a British Airways, kuti chaka chamawa pa Khirisimasi tikafike ku Lilongwe anthu awiri, kapena ngati sizikwana, tikhaleko pampando wogona m'malo mopanikizana mu ekonome usiku wonse. Nditenge khadi liti? Nanga kukweza tikiti kumayenda bwanji?

Mbewe_Luton

Achemwali, tiyambe ndi masamu, chifukwa ndi amene asankhe khadi. £900 pamwezi ndi £10,800 pachaka. Khadi laulere la British Airways (BA) American Express (Amex) limapereka Avios imodzi pa paundi iliyonse, ndiye chaka chonse mupeza 10,800. La Premium Plus limapereka 1.5 pa paundi, kutanthauza 16,200, koma limalipiritsa £300 pachaka. Tsono tikiti ya ekonome yopita ndi kubwera ku Johannesburg, mukasankha kulipirapo ndalama zochepa, imadya Avios pakati pa 60,000 ndi 80,000 munthu mmodzi, kutengera masiku. Ya Club World, ya mpando wogonawo, imadutsa 150,000. Mitengoyi amaisintha, choncho muione pa webusaiti ya BA, koma mwaona kale kuti kugula kwa tsiku ndi tsiku pakokha sikungakufikitseni chaka chimodzi.

Zimene zimakweza chiwerengero msanga ndi ziwiri: bonasi yolandirira ndi vocha.

Bonasi imabwera mukagula zinthu zokwana ndalama imene aika, kawirikawiri m'miyezi itatu yoyambirira. Apa ndi pamene ambiri amaphonya, chifukwa chofunika ndi khadi limene mwayambira. Bonasi ya Amex Gold, khadi lina la Amex losamangika ku BA, ndi ya khadi laulere la BA imapita kwa munthu amene sanakhalepo ndi khadi lililonse la Amex m'dzina lake pa miyezi 24 yapitayo. Ya Premium Plus imangofuna kuti musakhale munali ndi khadi la BA Amex pa miyezi 24. Ndiye mukayambira khadi laulere la BA, mwadzitsekera bonasi ya Gold ndi ya Premium Plus yomwe, pamene bonasi yakeyo ndi yaing'ono pa zonse. Mukayambira Gold, limene chaka choyamba silipiritsa, ya Premium Plus imakudikiranibe. Malamulowa muwawerengenso patsiku lofunsira khadilo.

Vocha ya Companion imatuluka mukafika £15,000 m'chaka cha khadi lanu. Inu muli pa £10,800, ndiye mukupelewera £4,200. Mungathe kutseka mpatawo potengera amuna anu kapena wina wa m'nyumba khadi lowonjezera pa akaunti yomweyo, chifukwa zimene iye wagula zimawerengedwa kwa inu. Inshuwalansi ya galimoto mukailipira kamodzi, mayunifolomu, matikiti a sitima, zonsezo zimalowa. Koma musadalire lendi ndi council tax, popeza eni nyumba ndi makhonsolo ambiri salandira Amex, ndipo a HMRC, bungwe lotolera misonkho, salandira kirediti khadi la munthu payekha. Tesco, Sainsbury's, Aldi ndi Lidl amalandira.

Vochayo imagwira chonchi: mumalipira Avios za munthu mmodzi, wachiwiri salipira Avios, koma misonkho ndi ndalama zina za pa tikiti mumalipira za onse awiri. Mukamayenda nokha imakudulirani theka la Avios. Ya khadi laulere ndi ya ekonome yokha ndipo imatha pa chaka chimodzi. Ya Premium Plus imagwira m'makalasi onse ndipo imakhala zaka ziwiri. Kwa anthu awiri ofuna mpando wogona, £300 ija imabwerera pa vocha imeneyi basi. Ngati mukuona kuti £15,000 simufika, musalipire £300.

Chomaliza, ndipo ndikuchinena ndi mtima wonse: ikani Direct Debit yolipira ngongole yonse mwezi uliwonse, osati kachigawo kochepa kaja. Chiwongoladzanja cha makhadi awa chimazungulira 30 peresenti pachaka. Mukasiya £1,000 mwezi umodzi, mwataya ndalama zoposa £20, pamene Avios 1,000 zimene £1,000 imeneyo yabweretsa mtengo wake ndi pafupifupi £10 mukazigwiritsa ntchito bwino.

Nabanda_Glasgow

Masamu a achimwene a Mbewe ndi oona, koma pali funso limene liyenera kubwera patsogolo: ndege ya BA siitera ku Lilongwe kapena ku Chileka. Avios zikusiyani ku Johannesburg kapena ku Nairobi, ndipo chigawo chotsalacho mugula ndi ndalama, pa Airlink kapena Malawi Airlines kuchokera ku Joni, kapena pa Kenya Airways kuchokera ku Nairobi. Mu Disembala kachigawo kameneka sikatchipa. Muwonkhetse misonkho ya pa tikiti ya Avios ndi tikiti yachiwiriyo, kenako muyerekeze ndi tikiti imodzi ya Ethiopian Airlines yodzera ku Addis Ababa. Mu ekonome mudzapeza kuti nthawi zambiri kusiyana kwake ndi kochepa, mwinanso ya Ethiopian ndiyo yotsika.

Matikiti awiri osiyana ali ndi mavuto akenso. Ndege yoyamba ikachedwa n'kuphonya yachiwiri, kampani yachiwiriyo ilibe udindo wokupezerani ina, imakuwerengani ngati munthu amene sanabwere, ndipo kawirikawiri imafafaniza ndi ulendo wobwerera womwe. Masutikesi amatsikira pamene tikiti yoyamba yathera, ndiye muyenera kudutsa pa imigireshoni, kuwatenga, n'kukawaperekanso. Siyani maola osachepera anayi kapena asanu pakati, ndipo pobwerera ndi bwino kugona usiku umodzi kusiyana ndi kuphonya ndege ya London. Katundunso ndi nkhani: Club World imalola masutikesi awiri a makilo 32, koma ndege yaing'ono yopita ku Lilongwe ili ndi malire akeake, ndipo owonjezerawo mulipira pa kauntala. Ife opita kumudzi ndi mphatso za mtundu wonse, zimenezi zimatikhudza kuposa mzungu wopita kutchuthi.

N'chifukwa chake kwa munthu wopita ku Malawi ndimakonda mapointi a Membership Rewards a pa Amex Gold kusiyana ndi khadi lomangika ku BA. Mapointi amenewo amadikira mpaka mutasankha kowatumiza. Amapita ku BA, ku Virgin Atlantic, ku Flying Blue ya Air France ndi KLM, ndiponso ku Qatar Airways, pointi imodzi kukhala imodzi. Kenya Airways ili mu SkyTeam, mgwirizano umene Virgin Atlantic inalowa mu 2023, choncho mapointi a Virgin kapena mamailosi a Flying Blue angathe kugula London, Nairobi mpaka Lilongwe pa tikiti imodzi ngati mipando ilipo. Ethiopian ili mu mgwirizano wina, wa Star Alliance, ndipo kuchokera ku Amex ya ku UK njira yake ndi KrisFlyer ya Singapore Airlines, kumene mapointi atatu amasanduka mamailosi awiri. Kwa amene kwawo ndi ku Mchinji kapena ku Chipata, Qatar imafika ku Lusaka kudzera ku Doha ndipo imagwiritsa ntchito Avios kuyambira 2022, koma dziwani kuti vocha ya Companion pa Qatar siigwira.

Lamulo lake ndi limodzi: pezani mpando kaye, mutumize mapointi pambuyo. Akachoka ku Amex sabwereranso.

Phiri_Slough

Ndiyankhe za kukweza tikiti, poti ndi pamene Avios zochepa zimagwira ntchito yooneka.

Pa BA mumakweza kalasi imodzi yokha. Makalasi a ulendo wautali ndi World Traveller, World Traveller Plus, Club World ndi First. Amene wagula ekonome amafika pa World Traveller Plus basi, mpando wotakasuka koma wosagona. Kuti mugone, mugule World Traveller Plus ndi ndalama, kenako mukweze ndi Avios kupita ku Club World. Avios zimene amakudulani ndi kusiyana kwa mtengo wa Avios wa makalasi awiriwo, ndipo mungathe kukweza mbali imodzi yokha. Ndege za London kupita ku Johannesburg zimayenda usiku maola pafupifupi 11, ndiye ngati Avios zikukwana mbali imodzi, sankhani imene mukufuna kukafika muli ndi mphamvu.

Zimene zimalepheretsa ndi izi. Choyamba, mu Club World muyenera kukhala mpando wa Avios wotseguka, osati mpando wopanda munthu chabe. Ndege itha kukhala ndi mipando yambiri yogulitsa koma ya Avios palibe, ndipo pamenepo kukweza sikutheka. Chachiwiri, matikiti otsikitsitsa a ekonome, a zilembo Q, O ndi G, sakwezedwa. Chachitatu, matikiti ena ogula kwa ma ejenti amakhala a mtengo wapadera umene kompyuta ya BA imakana kukweza. Njira yosavuta ndi kulowa mu akaunti yanu, kusankha pamene alemba Book and upgrade, n'kugula tikiti ndi kukweza nthawi imodzi. Mukagula kaye n'kumayembekeza kuti mpando udzatseguka, mutha kukhala ndi tikiti yodula ya World Traveller Plus mpaka tsiku laulendo.

Pa ndalama, kukweza kuchoka mu ekonome kumabwera ndi msonkho wowonjezera wa Air Passenger Duty, umene pa maulendo aatali ochoka ku UK umaposa kuwirikiza kawiri mukangochoka mu ekonome. World Traveller Plus ndi Club World zili pa mlingo umodzi wa msonkhowu, ndiye pokweza pakati pa ziwirizi mumangowonjezera kusiyana kwa ndalama zimene BA yokha imaika pa tikiti.

Tsopano za Khirisimasi. BA imatsegula mipando masiku 355 ulendo usanafike, pakati pa usiku nthawi ya GMT, ndipo pa ndege iliyonse yochoka ku Heathrow imalonjeza mipando ya Avios 8 mu ekonome, 2 mu World Traveller Plus ndi 4 mu Club World. Ya ku South Africa ya pakati pa Disembala imatha msangamsanga, chifukwa anthu amaidikira ali maso. Tanthauzo lake ndi loti ulendo wa pa 18 Disembala chaka chamawa mumausungitsa kumapeto kwa Disembala chaka chino, ndipo Avios ndi vocha zikhale zili kale mu akaunti. Musadikire kuti tsiku lobwerera litseguke. Gwirani wopita, ndipo wobwerera akatseguka muimbe foni kuti awonjezere pa vocha yomweyo. Zinthu zikasintha, tikiti ya Avios imabwezedwa mpaka maola 24 ulendo usanachitike, amangodula £35 munthu aliyense. Achemwali, ngati khadi mukulitenga panopa, Khirisimasi imene mungaikwanitse bwino ndi ya chaka chinacho, kapena musunthire ulendo ku Meyi kapena Juni pamene mipando imapezeka ndipo masiku ambiri ndi otsika mtengo.

Ngati Amex akukanani kapena kumene mumagula saalandira, kuli Barclaycard Avios, imene ndi Mastercard. Laulere limapereka Avios imodzi pa paundi ndi vocha yokwezera mukafika £20,000. La Plus ndi £20 pamwezi, 1.5 pa paundi, ndipo vocha imatuluka pa £10,000, malire amene £900 yanu pamwezi ikudutsa. Vocha imeneyo imagwira pa tikiti ya Avios yokha: mumalipira Avios za kalasi yapansi n'kukhala m'kalasi yotsatira, munthu mmodzi kupita ndi kubwera, kapena anthu awiri mbali imodzi. Siifika ku First.

Mbewe_Luton

A Phiri akumbutsa bwino za Barclaycard Plus, pa £10,800 pachaka ndi limene likukukwanani popanda kudzikakamiza kugula zosafunika.

Ndiwonjezere misampha ing'onoing'ono. Kutumiza ndalama kumudzi kudzera pa ma app ndi kirediti khadi, makhadi ambiri amakuwerenga ngati mwatapa ndalama pa ATM: mapointi palibe, amadula chindapusa, ndipo chiwongoladzanja chimayamba tsiku lomwelo. Kugula ndi khadi la BA Amex kunja kwa UK amawonjezera 2.99 peresenti, imene imaposa mtengo wa Avios zimene mwapeza. Avios zimafa mukatha miyezi 36 osapeza kapena kugwiritsa ntchito ngakhale imodzi. Musanafunsire khadi gwiritsani ntchito eligibility checker ya pa webusaiti yawo, chifukwa siisiya chizindikiro pa mbiri yanu ya ngongole, pamene kufunsira kwenikweni kumasiya. Ngati mukukonzekera kutenga mortgage, ngongole yogulira nyumba, m'miyezi ikubwerayi, za makhadi atsopano zidikire.

Tsegulaninso Household Account kuti Avios za anthu a m'nyumba imodzi, mpaka 7, ziziwonkhetsedwa pamodzi, ana omwe. Ngati mumagula ku Sainsbury's, mapointi 400 a Nectar, amene sitoloyo imapereka mukagula, amasanduka Avios 250.

Nachisale_Leeds

Zikomo kwambiri nonse. Funso limodzi lotsala: ndidziwa bwanji kuti tikiti ya Avios imene ndapeza ndi yaphindu?

Nabanda_Glasgow

Tengani mtengo wa tikiti imene mukanagula ndi ndalama mpaka ku Lilongwe, yotsikitsitsa imene mukanaivomera, osati ya BA yokha. Chotsanipo ndalama zonse zimene mulipire pa njira ya Avios: misonkho, tikiti ya ku Joni kapena ku Nairobi kupita ku Lilongwe, masutikesi owonjezera, hotelo ngati mugona panjira, ndi ndalama ya pachaka ya khadi. Zotsalazo mugawe ndi chiwerengero cha Avios. Mwachitsanzo, ngati zatsala £350 ndipo mukuwononga Avios 70,000, ndiye kuti Avios imodzi yakupatsani theka la peni, chimodzimodzi ndi kuzisandutsa Nectar n'kukagula zakudya ku Sainsbury's. Pamenepo gulani tikiti ndi ndalama, Avios musunge. Zikafika peni imodzi kapena kuposa pa Avios iliyonse, sungitsani tsiku lomwelo mpando usanatengedwe.