Zoti ku Alaska amaletsa kusonkha moto nthawi yozizira ndi zoona?

Wa ku Ngabu: Abale ndithandizeni, mwana wanga akuti ku tauni ya Fairbanks ku Alaska, m'dziko la America, boma limaletsa kusonkha nkhuni m'nyumba masiku ena, chonsecho kumazizira mpaka madigiri -40, ndiye anthuwo aziotha chani? Ife kuno ku Chigwa timalira ndi kutentha koma zandikhudza ndithu.

Mphunzitsi wa ku Nchalo: Ndi zoona achimwene. Tauniyo ili m'chigwa ngati ifeyo, ndiye kukazizira kwambiri mpweya wozizira umakhazikika pansi wofunda uli pamwamba ngati chivindikiro pa poto, utsi wa mbaula zawo sukwera umangozungulira m'makomo, ndiye tinthu tating'onoting'ono ta mu utsi timene amati PM2.5 timalowa mpaka m'mapapo. Mu 2009 bungwe la boma la America loteteza chilengedwe la EPA linagamula kuti mpweya wakumeneko waipa kupyola mlingo. Koma amene alibe njira ina yofunditsira nyumba amapempha chilolezo, komanso amathandizidwa kusintha mbaula zakale.

Mayi wa ku Bangula: Nkhuni zaziwisi ndiye zimafuka koopsa. Ine pa mafuwa m'khitchini yopanda windo misozi inkangoti chuchuchu, mwana chifuwa osatha, pano ndimaphikira panja pa chitetezo mbaula.

Wa ku Ngabu: Zikomo aphunzitsi, za chilolezozo zandikhazika mtima pansi, ndimaganizira agogo okhala okha.