Msewu wa pa Chitakale mpaka ku boma: oyenda pansife tiziyenda pati?

Mwana wa Likhubula:

Anzanga a kuno ku Mulanje ndili ndi funso ndipo ndikufuna maganizo enieni. Mayi anga anawapeza ndi BP chaka chatha, shuga nayonso yayamba kukwera, nde kuchipatala anawauza kuti mankhwala okha sakwanira, aziyenda ndawala mphindi 30 pa tsiku, masiku 5 pa sabata. Tinawagulira nsapato zofewa pa kaunjika. Panopa akukhala ndi ine kufupi ndi pa Chitakale nde tinagwirizana kuti m'mamawa tiziyenda kulowera ku boma nkubwerera. Tinayenda masiku 4 okha basi.

Tsiku lachinayilo kunali chiperoni, nkhungu yoti phiri lonse osaoneka, lole yolowera ku Muloza inadutsana ndi minibasi nde wanjinga yamoto anathawira mbali yomwe tinali ife, mayi pofuna kumulewa anaponda m'mphepete mwa phula pomwe padadyeka paja, phazi linapotoka nkugwera m'matope, chitenje chonse katondo yekhayekha. Sanathyoke, tithokoze Mulungu, koma kuyambira tsikulo akuti mwana wanga bola BP indiphere m'nyumba kusiyana ndi kufera pansi pa tayala. Pano amangozungulira pabwalo kangapo nkukhala pansi.

Sabata ya mawa kuli msonkhano wa ADC, komiti ya chitukuko ya m'dera lathu, ndipo andipatsa mpata woti ndikalankhule. Funso langa ndi ili: msewu uwu utati ukonzedwe moganizira aliyense, wapansi, wakabaza, wogulitsa, ana asukulu, wa njinga ya olumala komanso magalimotowo, chiyambe ndi chani? Sindikufuna kukangonena kuti tikufuna msewu wabwino, ndikufuna ndikatchule zinthu zogwirika.

Kabaza wa pa Siteji:

Achimwene pepani kwambiri ndi za mayiwo. Ine ndimapalasa kabaza wa njinga yakapalasa chaka cha 9 chino, nde ndinene ngati munthu amene amaswera pamsewu umenewu. Anthu amatinena kuti timayenda mosasamala koma taganizani, kumbuyo kwako kukulira hutala ya lole yodzadza, kutsogolo kuli mayi wasenza mtolo wa nkhuni wopingasa, kumanzere kuli dzenje, pa keliyala wanyamula munthu ndi mwana kumsana, upita kuti? Tonse timalimbirana kamzere kamodzi komweko ka m'mphepete. Ine pempho langa ndi limodzi, njinga zikhale ndi kanjira kakekake kolekanitsidwa ndi simenti yokwera, osati penti chabe chifukwa penti minibasi imangopondapo nkuimapo kumakweza anthu. Komanso kanjirako kakhale kotakata ndithu, ife timanyamula matumba a makala, nthochi, chinanazi, katundu amatuluka mbali zonse.

China, atipatse malo a siteji odziwika okhala ndi kamthunzi. Timaunjikana pa mphambano yopita ku Likhubula ndi ku Phalombe paja chifukwa ndi pomwe makasitomala amatsikira, sikuti timakonda kutseka njira ayi.

NaPhiri wa Chinanazi:

Bambo inu mukakalankhula chonde musakanene kuti ogulitsa achoke. Nthawi zonse nkhani ya msewu ikayamba oyamba kuthamangitsidwa ndife, ngati kuti ndife timagunda anthu. Ine ana atatu ndawaphunzitsa ndi beseni la chinanazi ndi mapeyala pambali pa msewu pomwepo. Munthu wa galimoto wochokera ku Blantyre satsika kukalowa mkati mwa msika, amaima, watsitsa galasi, wagula, wapita. Mukatiika kuseri kosaoneka mwatipha ndi njala ndipo pakatha sabata ziwiri tibwereranso pomwepo, izi ndikunena poyera.

Chomwe chimandipweteka ine ndi fumbi ndi utsi. Miyezi ya September ndi October ukafika kunyumba ukatsokomola makhololo ake akuda, chinanazi chosenda ukangochivundukula pang'ono chatuwa kale. Mwana wanga wamng'ono amene ndimakhala naye pa malonda chifuwa sichimutha. Dzinja nalo madzi amaima kumbuyo kwa mabenchi athu mpaka kusanduka obiriwira, udzudzu ndi ntchentche pomwepo, ndipo chimbudzi chili kutali nde mukudziwa kale zomwe anthu amachita kuseri. Atikonzere poima magalimoto ogula polowera mkati pang'ono, mabenchi akhale kumbuyo kwa njira ya oyenda pansi, pakhale mpopi ndi chimbudzi cholipira ngakhale, tizilipira sitikana, ziphaso za msika timadula kale tsiku ndi tsiku.

Injiniya wa ku Bvumbwe:

Akulu, ine kwathu ndi ku Thyolo koma ndagwirapo ntchito za misewu zaka zingapo nde ndiyikepo zanga. Choyamba mudziwe khomo loyenera kugogoda. Msewu umenewu ndi M2, wochokera ku Blantyre kudzera ku Thyolo ndi pa Luchenza mpaka pa chipata cha Muloza, nde uli m'manja mwa bungwe loyang'anira misewu la Roads Authority ndipo ndalama zake zimadzera ku Roads Fund Administration, zija timalipira pa lita iliyonse ya mafuta ndi pa ma tollgate. Khonsolo payokha siingangodzuka nkuika mahampu pa M2, koma misika, masiteji, zimbudzi, zinyalala ndi timisewu ta m'kati ndi za khonsolo. Nde pa ADC mukapemphe kuti nkhaniyi ilowe mu mapulani a chitukuko a boma la Mulanje komanso khonsolo ilembere kalata eni msewu. Zikangothera pakamwa palibe chomwe chidzachitike.

Tsono chiyambe nchani? Ine ndinena liwiro. Vuto la malo ngati Chitakale, Luchenza, Bvumbwe ndi loti msewu unamangidwa ngati wodutsa, wopita kumalire, koma tauni inamera mbali zonse ziwiri nde msewu womwewo ndi msika, ndi njira ya kusukulu, ndi njira ya kuchipatala. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limalimbikitsa kuti pomwe anthu ndi magalimoto akusakanikirana liwiro lisapose makilomita 30 pa ola, chifukwa pa liwiro limenelo dalaivala amaona msanga, mabuleki amagwira pafupi, ndipo munthu akagundidwa nthawi zambiri amapulumuka. Koma chikwangwani chokha sichichepetsa liwiro, dalaivala amamvera msewu osati chitsulo. Pofunika tizidutswa togwedeza galimoto polowa m'tauni, kenako powolokera pokwera ngati hampu yotakata yafulati pamwamba pomwe munthu amawoloka osatsika, ndi kachilumba pakati poti gogo aime apume asanamalize theka linalo. Hampu yosongoka ija ndi yoipa, imaononga ma ambulansi ndipo madalaivala amailambalala kudzera m'mbali momwe muli anthu momwemo.

Chachiwiri ngalande, ndipo apa ndikhalitsepo chifukwa ndi pomwe pali chinsinsi. Mulanje ndi limodzi mwa maboma olandira mvula yambiri m'dziko muno, madzi otsika m'phiri akasowa njira amadya m'mphepete mwa phula pang'onopang'ono, chomwe chinagwetsa mayi anu ndi chimenecho. Tonse tinaona mu March 2023 nthawi ya namondwe wa Freddy momwe milatho ndi makalavati zinakokolokera. Mukamanga ngalande yakuya ya simenti nkuivundikira ndi masilabu olimba, pamwamba pakepo ndi pomwe pamasanduka njira ya oyenda pansi, ndalama imodzi mwagula zinthu ziwiri. Ikhale mamita 2 m'lifupi kuti njinga ya olumala idutsane ndi munthu, yopanda masitepe, potsikira pakhale potsetsereka. Masilabu ena akhale otheka kuchotsa pofuna kukokolola zinyalala, apo ayi ngalandeyo itsekeka chaka chimodzi.

Malo alipo osadandaula. Misewu ikuluikulu ya M ngati M2 ili ndi malo ake osungidwa mamita 30 mbali iliyonse kuchokera pakati, phula lenilenilo limangotenga pang'ono. Pomwe pamavuta ndi pomwe anthu anamanga kale mashopu, apo pofunika kukambirana ndi mafumu ndi eni ake osati kubwera ndi katapila usiku.

Mlangizi wa Zaumoyo:

Ndikuvomereza zonse za a Injiniya, koma ndionjezere mitengo ndi magetsi. Ife timauza anthu a BP ndi shuga kuti aziyenda, timauza amayi oyembekezera kuti asaphonye sikelo, koma dzuwa la October munthu wamkulu sangayende pa phula popanda mthunzi. Ku Lilongwe atakulitsa msewu wa Kenyatta anadula mitengo yambiri anthu anadandaula dziko lonse, ife tisadikire kudandaula, tipemphe kuti mitengo ilembedwe mu pulani kuyambira pachiyambi, mbawa kapena mtangatanga, ndi timabenchi apa ndi apo toti okalamba azipumirapo. Magetsi a sola akhale owunikira powolokera ndi njira ya apansi osati pakati pa msewu pokha, oyenda m'mbandakucha kupita kukathyola tiyi ku ma esiteti ndi atsikana obwera mochedwa kusukulu ndi amene amavutika ndi mdima.

Za madzi oima zomwe anena mayi NaPhiri musazitenge mopepuka. Kolera ya 2022 mpaka 2023 inapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo malo ogulitsira zakudya opanda chimbudzi ndi posamba m'manja ndi omwe ife timawaopa kwambiri mvula ikayamba. Ngalande ndi nkhani ya chipatala, si ya a zamisewu okha ayi.

Dala wa Minibasi:

Mahampu achuluka kale abale, kuchoka ku Limbe kufika ku Muloza galimoto imafika yatha. Ine sindikana zochepetsa liwiro pa tauni, nanenso ana anga amawoloka msewu womwewo, koma mutipatse poima pabwino polowera mkati, chifukwa pano tikaima theka la galimoto limatsalira mu msewu nde wakumbuyo amakakamizika kulowa mbali ya anzake.

Mwana wa Likhubula:

Zikomo nonse, ndalemba mu kope. Ndikayamba ndi ngalande yovundikira ndi powolokera pokwera, kenako kanjira ka njinga, poima minibasi ndi malo a ogulitsa. Mayi NaPhiri musade nkhawa, mawu oti achoke sakatuluka pakamwa panga, ndipo ndikanakonda mukanabwera nokha mudzanene za fumbi ndi chimbudzi zija momwe mwazinenera pano. Achimwene a kabaza nanunso tengani anzanu awiri atatu. A Injiniya, Loweruka ndikufuna ndiyende ndi foni kuchoka pa Chitakale kukafika ku boma ndikujambula pomwe padadyeka, pomwe madzi amaima ndi pomwe ana amawolokera kwambiri, kodi pali china choti ndikawerenge kapena kuyeza kuti kalatayo ikhale ndi mphamvu?

Injiniya wa ku Bvumbwe:

Imani pa mphambano paja ola limodzi kuyambira 6:30 m'mawa, muwerenge apansi angati, njinga zingati, magalimoto angati, muchitenso chimodzimodzi tsiku la msika. Tengani tepi muyeze pomwe phula ladyeka. Ndipo ngati mayi angavomere apite nawo ku msonkhanoko ndi nsapato zawo zija.