Mapemphero a Loweruka kwa agogo ku Ulongwe

Achimwene aakulu: Mwadzuka bwanji nonse. Loweruka likubwerali tikumane kwa agogo, mapemphero ayamba 9 koloko. Mbuzi yapezeka kale. Khomo lililonse litumize 400 meticais pa M-Pesa pofika Lachinayi. Mawu agawa ndi mdzukulu wathu wa ku Moatize.

Mdzukulu (Moatize): Zikomo bambo aakulu. Ndakonza za kusakhulupirira, Numeri 13 ndi 14. Mose adatuma azondi 12, adazonda dziko masiku 40, nkubwera ndi phava la mphesa lochita kunyamula awiri pamtengo. Koma 10 adati anthu akumeneko ndi zimphona, ife tili ngati ziwala. Yoswa ndi Kalebe okha ndiwo adati tiyeni tikalowe. Mapeto ake zaka 40 m'chipululu, tsiku limodzi chaka chimodzi, ndipo onse a zaka 20 kupita m'mwamba adathera momwemo kupatula awiriwo. Ndidzatsekera pa Ahebri 3:19.

Malume: Amen! Akumve bwino amene chaka chatha ankati chitsime cha kwa agogo sichingakumbike. Lero akumwa madzi ake omwewo 😂

Anaphiri: Malume, inenso ndidakayika, ndavomera. Koma mwanangu, ndifunseko. Alamu athu adzakhalapo Loweruka. Bambo a kunyumba kwawo tidawapempherera miyezi itatu, kusala kudya, kugona pansi kuchipatala ku Tete. Adatisiyabe. Kumaliro kuja wina adanena poyera kuti chikhulupiriro chidachepa, ine ndidamva ndi makutu angawa. Kuyambira pamenepo alamu sadapondenso kutchalitchi. Ndiye akadzamva za anthu ofera m'chipululu aziti ukunena yani?

Mdzukulu (Moatize): Ayi azakhali, sindimaganiza zimenezo. Koma mawuwo alipo, sitingawafufute. Ngakhale ku Nazarete, Marko 6 akuti Yesu sadachite zamphamvu zambiri chifukwa anthu sadamukhulupirire.

Anaphiri: Sindikuti ufufute. Koma Aisraeli aja Mulungu adawauza yekha kuti dziko ndakupatsani, nyanja adawoloka, mana ankadya m'mawa uliwonse, kenaka nkumapangana zosankha mtsogoleri wowabwezera ku Ejipito. Kumeneko kudali kukana. Alamu anakana chiyani? Mulungu adawalonjeza liti kuti amuna awo sadzafa?

Malume: Apa mlongo wanga wanena zoona. Ndipo Zekariya mwamuiwala? Adakayika mngelo ali pamaso pake, adakhala wosalankhula mpaka mwana kubadwa, koma Yohane adabadwabe.

Mlongo wa ku Joni: Bwenzi malume nanunso mutakhalako chete miyezi 9, gulu lino likanapuma 🙈 Yanga ndatumiza kudzera kwa achimwene.

Achimwene aakulu: Yafika. Atsala ndi a ku Tsangano ndi a ku Zóbuè.

Mdzukulu (Moatize): Ndamva azakhali. Numeri ndiwerengabe, koma mwachidule. Nthawi yambiri ndikhala pa Marko 9, bambo uja wa mwana wodwala khunyu, amene adalira kuti akukhulupirira ndipo Yesu amuthandize pa kusakhulupirira kwakeko. Yesu sadamubweze. Zamaliro sinditchulako ngakhale pang'ono.

Anaphiri: Wachita bwino. Ine ndipita Lachisanu kukawatenga alamu, tikagonere limodzi kwa agogo. Akakana sindiwakakamiza, ndipo pasapezeke wina wowafunsa chifukwa chake.

Achemwali a ku Tsangano: Pepani netiweki kuno ikuvuta, ndawerenga zonse tsopano. Ndalama ndilibe mpaka nditagulitsa mbatatesi, ndibwera ndi thumba limodzi ndi kabichi m'malo mwake. Zitheka?

Achimwene aakulu: Zitheka, zachepetsanso zogula. Amene mukuchokera ku Tete mukwere chapa ya m'mamawa, musatiyimitse ngati ulendo watha.

Malume: Mdzukulu, agogo akuti uwerenge m'Buku Lopatulika lawo lija lachikuto chong'ambika, la m'foni sakulikhulupirira. Wina abweretsenso mipando 10, ya kutchalitchi ili ndi ukwati tsiku lomwelo.