Kuchoka pa saizi 46 kufika pa 42 pofika 7 de Abril, n'zotheka?

Nabanda wa ku Ulongué analemba:

Moni nonse. Ndili ndi funso lomwe landisowetsa tulo sabata yonseyi, ndipo ndikufuna yankho loona, osati longondisangalatsa.

Ndine mayi wa ana atatu, zaka 34, ndimakhala ku Ulongué kuno ku Angónia. Kale ndinkalima mbatata ya kachewere ndi mayi anga cha ku Dómuè, ndinkavala 42 ndipo za thupi sindinkaziganizira n'komwe. Zaka zinayi zapitazi ndakhala ndikugwira ntchito yotumiza ndalama pafoni, kukhala pabenchi kuyambira 7 koloko m'mawa mpaka dzuwa kulowa. Mandasi amandipeza pompo, refresko (zakumwa zotsekemera za m'botolo zija) amandipeza pompo. Dzana ndinakwera sikelo ya anyamata oyeza anthu pamsika, yaonetsa makilo 84, ndipo msinkhu wanga ndi mita imodzi ndi masentimita 60. Panopa ndimavala 46, nayonso yayamba kundithina m'mikono.

Gulu lathu la amayi lagula kale kapulana ya 7 de Abril (pa 7 Epulo, tsiku la amayi kuno ku Mozambique), ndipo atelala akufuna miyeso mwezi wamawa usanathe. Komanso m'sutikesi ndili ndi diresi yabuluu ya 42 yomwe ndinavala pa ubatizo wa mwana wanga wachiwiri. Lamlungu ndinaiyesa, zipi yangokwera kufika pamwamba pa matako basi. Ndinakhala pabedi n'kulira, sindibisa. Lero ndi pa 27 Janyuwale, kwatsala masabata khumi. Ndayamba kuyenda m'mawa uliwonse ndipo nsima ya usiku ndasiya. Kodi ndiwauze atelala asoke 42? Pamafunika makilo angati kuti munthu atsike saizi imodzi? Mnzanga wina akuti ndigule lamba womanga pamimba ndi tiyi wochepetsa thupi, akuti m'masabata awiri ndidzaona kusintha.

Telala wa pa Zóbuè analemba:

Mayi Nabanda, ine makina ndawapalasa zaka zoposa 20, ndiye ndikuyankhani za nsalu, za thupi akuyankhani ena. Musawauze anzangawo kuti adule 42. Nsalu ikadulidwa siimeranso. Diresi yaikulu ndimaibweza m'ola limodzi, koma yaing'ono ndimangoiyang'ana, chifukwa kuika chigamba m'mbali mwa kapulana ya gulu aliyense amaona.

Saizi imodzi kwa ife ndi masentimita anayi, kaya pachifuwa, m'chiuno kapena m'matako. Kuchoka pa 46 kufika pa 42 ndiye masentimita asanu ndi atatu, ndipo ayenera kuchoka malo onse atatu, osati pamimba pokha. Apa m'pamene amayi ambiri amakhumudwa. Mimba imaphwa msanga, siketi n'kuyamba kuzungulira, koma diresi yowongoka imakanabe pamatako kapena pamabere. Mwa makasitomala anga omwe ndawabwezera zovala, ambiri amati ataya makilo anayi kapena asanu pamene ndikuchotsa saizi imodzi. Wamfupi amasintha msanga kuposa wamtali.

Nambala yapakolala musaikhulupirire kwambiri. Pano pamalire timalandira kaunjika wa mbali zonse. Yolembedwa 14 ya ku England imafanana pafupifupi ndi 42 yathuyi, ya ku America ingalembedwe 10, koma mukaziyala pathebulo n'kuziyeza zimasiyanabe zala ziwiri kapena zitatu. Gulani tepi yanuyanu, siidula. Atelala anuwo muwapemphe ayeze mochedwa m'mene angathere, asoke pa muyeso wa tsikulo, ndipo sabata yomaliza mupite akabweze m'mbali. Akakana bwerani nayo kuno.

Namwino_Tete analemba:

Achemwali, ndine namwino kuno ku mzinda wa Tete. Atelala anena zoona. M'masabata khumi 44 mutha kuifika, 42 ayi, pokhapokha mutadzizunza, ndipo zimenezo sindingakulimbikitseni.

Tiwerengere limodzi. Kilo imodzi ya mafuta a m'thupi imasunga makalori pafupifupi 7,700 (kalori ndi muyeso wa mphamvu ya m'chakudya). Mukamachepetsa makalori 500 patsiku, pasabata mutaya theka la kilo. Kutsika kwabwino n'kumeneko, theka la kilo mpaka kilo imodzi pasabata. Masabata khumi ndiye makilo asanu, mwina asanu ndi awiri mukalimbikira. Pa 42 muyembekezere cha mu Julayi kapena Ogasiti.

Makalori 500 amenewo ali pabenchi panu pomwepo. Botolo la refresko la 350 ml lili ndi shuga wokwana timasupuni tating'ono pafupifupi 9, makalori cha m'ma 150. Ngati tiyi mumathira timasupuni titatu kawiri patsiku, ndi enanso pafupifupi 100. Supuni yaikulu imodzi ya mafuta ophikira ili ndi 120, ndiye taganizani mandasi amamwa angati. Kuyenda mwandawala ola lathunthu pa thupi lanulo kumawotcha cha m'ma 300 okha. N'chifukwa chake munthu amatha kuyenda tsiku lililonse osatsika, ngati pobwerera akugula mandasi awiri ndi refresko. Kuyenda musasiye, kumathandiza mtima, BP ndi shuga. Bungwe la zaumoyo padziko lonse, OMS, limati munthu wamkulu azichita masewera olimbitsa thupi mphindi 150 mpaka 300 pasabata, kuphatikizapo masiku awiri olimbitsa minofu. Kunyamula ndowa, kukhala n'kudzuka pampando kakhumi kangapo, kulima, zonsezo zimawerengedwa.

Kusiyiratu nsima ya usiku ndikukayika ngati mupitiriza. Anthu ambiri amapirira masiku asanu, lachisanu ndi chimodzi amadzuka pakati pa usiku kukafuna mkute. Bola mitanda itatu ikhale umodzi ndi theka, makamaka ya mgaiwa, mbale mudzaze nkhwani, mpiru, nyemba, kapenta. Chicoa, nsomba youma ija, ndi wabwino koma muziyamba mwamuviika, mchere wake ndi wambiri.

Sabata yoyamba sikelo ikhoza kutsika makilo awiri. Musasangalale kwambiri, ambiri mwa iwo ndi madzi. Thupi limasunga chakudya china m'chiwindi ndi m'minofu, ndipo galamu iliyonse imagwira madzi okwana magalamu atatu. Mukachepetsa nsima ndi shuga madziwo amatuluka, kenako sikelo imayamba kuyenda pang'onopang'ono. Masiku oyandikira kumwezi imathanso kukwera kilo imodzi popanda cholakwa chilichonse. Yezani m'chiuno kamodzi pasabata, m'mawa musanadye, tepi idutse pakati pa nthiti yomaliza ndi fupa la chiuno, mutatulutsa mpweya, osakoka mimba. Kwa mayi, kupitirira masentimita 88 ndi chizindikiro choti ngozi ya shuga ndi BP yakula.

Lamba uja amangofinya, mukamuvula mimba imabwerera. Thukuta lomwe amatulutsa ndi madzi. Matiyi ambiri ochepetsa thupi amangotsegula m'mimba kapena kukodzetsa, ndipo ndalandirapo amayi ofooka, a chizungulire, chifukwa cha iwo. Masewera a pamimba amalimbitsa minofu koma sasankha malo ochotsa mafuta, thupi limachotsa komwe lafuna.

Ndifunseko: mukuyamwitsa? Mukubayitsa jakisoni wolera wa miyezi itatu? Amayi ena amanenepa naye. Mankhwala ena a ma ARV, monga omwe ali ndi dolutegravir, amanenepetsanso anthu ena. Aliyense amene akuwerenga pano, musasiye mankhwala chifukwa cha diresi, kambiranani ndi achipatala kaye.

Nabanda wa ku Ulongué analemba:

Zikomo atelala, zikomo anamwino. Mwana womaliza ndinamuletsa kuyamwa chaka chatha. Jakisoni ndimabayitsadi, papita zaka ziwiri, ndikafunsa ndikapita mwezi wamawa. Za 42 zandipweteka, koma bola mwandiuza nsalu isanadulidwe. Tepi ndagula madzulo ano. M'chiuno 96, m'matako 112. Za refresko ndachita mantha, chifukwa masiku otentha ndimamwa awiri.

Agogo Nangozo analemba:

Mwanangu, ine foniyi akundilembera mdzukulu. Ndakumva, koma ndikufunse: amuna ako adandaula? Kwathu kuno mkazi wa thupi ndiye amaoneka kuti akusungidwa bwino. Ukangowonda mwadzidzidzi, anthu pachitsime ayamba kunong'onezana kuti akudwala, ena adzati banja lavuta. Tinaika anthu ambiri zaka zija, ndipo onse ankayamba ndi kuwonda. Ine mpaka lero ndikaona mwana wanga malaya akumukhwepa mtima umandigunda. Kapulana siifuna saizi, umangomanga. Diresi yabuluuyo upatse mng'ono wako.

Nabanda wa ku Ulongué analemba:

Agogo, mawu anu ndawalandira ndi manja awiri, ndipo zomwe mukunenazo ndimaziopa ndithu. Azakhali anga anamwalira mu 2004 atatha thupi lonse, ndinkawasambitsa ndine. Bambo a kunyumba sanadandaulepo. Koma ine ndikakwera kachitunda kopita kutchalitchi ndimaima kawiri kupuma, pomwe kale ndinkasenza thumba la mbatata kuchoka kudimba osatula. Mawondo amandiwawa ndikagwada pokolopa. Mayi anga ali ndi shuga, amabaya chala m'mawa uliwonse. Diresi ndi imene yandidzutsa, koma si yokhayo. Apongozi ndawauza kale kuti ndikuchepetsa dala, kuti akadzamva zonong'ona adzadziwe choyankha.

Namwino_Tete analemba:

Agogo akhudza mfundo yofunika. Kuwonda kochita kufuna n'kosiyana ndi kuwonda kobwera kokha. Munthu akamatsika asanasinthe kadyedwe, makamaka ngati akutsokomola masabata awiri, akutuluka thukuta usiku, kapena akumva ludzu ndi kukodza pafupipafupi, apite akayezetse TB, HIV ndi shuga. Inunso achemwali, popeza mayi ali ndi shuga, kayezetseni shuga ndi BP panopa kuti mudziwe poyambira.

Dalaivala wa ku Moatize analemba:

Mlongo, ine ndine mwamuna koma nkhaniyi ndaidutsamo. Ndimayendetsa galimoto yaikulu, ndinafika makilo 104, buluku 40. Chakudya changa chinali mbuzi yowotcha, tchipisi ndi mowa wozizira madzulo, poti kutentha kwa kuno mukukudziwa, mu Okutobala kumapitirira madigiri 40. Atandipeza ndi BP ndinayamba kuyenda 5 koloko m'mawa dzuwa lisanalape, ndikagona ku Tete ndinkawoloka mlatho wa Samora Machel wapansi kupita ndi kubwerera. Mowa ndinasiya wa mkati mwa sabata.

Chomwe ndikufuna mudziwe ndi ichi: mwezi woyamba buluku silinasinthe ngakhale pang'ono. Sikelo inkatsika koma lamba ali pabowo lomwelo. Ndinatsala pang'ono kusiya. Sabata yachisanu ndi chimodzi ndinangozindikira kuti ndamanga pabowo lina osakoka mpweya. Nkhope ndi khosi ndi zimene zinayamba, kolala inayamba kutsekeka mimba isanasunthe. Mwezi wachinayi zonse zinaima masabata atatu, kenako zinayambiranso zokha nditawonjezera mtunda. Patatha miyezi isanu ndi iwiri ndinali pa 92, buluku 36. Pa Khirisimasi ndinabwezera makilo atatu m'masabata awiri, ndipo kuwachotsanso kunanditengera mwezi ndi theka. Inu kwanuko n'kozizira, mutha kuyenda ngakhale masana, koma mvula ya Febuluwale ikusokonezani. Konzeranitu chochita m'nyumba tsiku la mvula.

Nabanda wa ku Ulongué analemba:

Ndabweranso, patha masabata asanu. Sikelo yomwe ija ya pamsika ikuti 81. M'chiuno 92, m'matako 110. Sabata yoyamba ndinatsika makilo awiri monga ananenera anamwino, yachitatu sindinatsike n'komwe, ndipo ndikanapanda kuwerenga za achimwene a ku Moatize ndikanataya mtima.

Refresko ndasiyiratu, ndimanyamula botolo la madzi. Tiyi ndimathira kasupuni kamodzi, masiku oyamba ankandiwawa ngati mankhwala koma pano ndazolowera. Mnyamata wa mandasi amadutsabe 9 koloko, ndimagula Loweruka lokha. Nsima ya usiku ndinabwerera, mtanda umodzi ndi theka. Chovuta panopa ndi mondokwa, chifukwa wayamba kupsa ndipo aliyense wobwera kudzatumiza ndalama kuchokera kumudzi amandibweretsera chimodzi. Kuchipatala BP anaipeza yokwera pang'ono, shuga ali bwino, ndipo za jakisoni tagwirizana kuti tikambiranenso tsiku langa likakwana. Mvula ikagwa ndimakwera ndi kutsika sitepe ya pakhonde mphindi 20, ana amawerenga mokweza.

Atelala anandiyeza Lachiwiri, asoka pakati pa 46 ndi 44 ndipo avomera kudzabweza pa 3 Epulo. Diresi yabuluu ndinaiyesanso usiku wathawu. Zipi yadutsa m'chiuno, yaima pakati pa msana, kwatsala ngati chikhatho chimodzi. Ndaibwezera m'sutikesi mpaka Julayi. Mayi wina wa m'gulu lathu anandikokera pambali Lamlungu kundifunsa ngati ndili bwino, ndinamuonetsa tepi m'chikwama, ndipo dzulo m'mawa anabwera kudzayenda nane.

Atelala a pa Zóbuè, siketi zanga ziwiri za kuntchito zayamba kuzungulira. Ndibweze panopa, kapena ndiyambe ndagwira ndi pini mpaka nditsikenso?